Galimoto Ikamatsamwa ndi Utsi Wake Womwe

Ena mwa inu omvera mwakhala pakhonde mwangotha kudya, ena muli pamsewu manja ali pachiwongolero, ena muli kugalaja, manja ali bii ndi oyilo, wailesi mwaikhazika pafupi ndi bokosi la masipanala. Ndakulandirani nonse ku pulogalamu yathu ya za galimoto. Inu amene mukuyendetsa, makutu okha ndiwo akhale kuno, maso akhale pamsewu.

Lero ndikufuna tikambirane za vuto limene ambiri mwa inu munakumanapo nalo ngakhale simunalidziwe dzina. Galimoto ikamathamanga pamsewu wautali imakhala ngati ilibe mlandu uliwonse. Koma tangoimani pamaloboti muone. Injini yayamba kunjenjemera, chiwongolero chikugwedezeka m'manja, kasingano kosonyeza liwiro la injini kakukwera n'kutsika kokha. Mukati mulowe pa raundabauti, yazima, anzanu kumbuyo ayamba kukuimbirani hutala. Mwailizanso, yalira monyinyirika. Mwaponda moto, yazengereza kaye, kenako n'kudzambatuka. Ndipo padashibodi kanyali kachikasu kaja ka check engine kayaka, sikakuzima.

Zikatere ambirife timathamangira kusintha mapulagi. Sizinathe, tagula makoyilo. Sizinathe, wina akuti ndi pampu ya mafuta. Ndalama zikupita, galimoto ikunjenjemerabe. Nthawi zina, sindikuti nthawi zonse, gwero lake limakhala lakuti injiniyo ikutsamwa ndi utsi wake womwe. Utsi umene unayenera kutuluka ku ekizozi ukubwerera m'injini wambiri kuposa muyeso, kudzera panjira yotchedwa EGR.

Ndiyamba ndi kulongosola chifukwa chake opanga galimoto anaika dala njira yobwezera utsi m'injini, pakuti wosamva zimenezo zotsatira zake zimuvuta. Kenako tipita kugalaja kukaona mmene vutoli limafufuzidwira, ndipo kumeneko ndi kumene tikhalitse. Tikachoka uko ndinena maganizo anga pa mchitidwe wofala uja wongotseka njirayi ndi kachitsulo. Koma mawu amene ndikufuna akhale m'mutu mwanu kuyambira pano ndi awa: musagule vavu musanayeze. Muwamvanso mawu amenewa.

Mpweya umene timapumawu, womwenso injini imakoka, mbali yake yaikulu si okisijeni ayi. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu ndi nayitirojeni, mpweya wofatsa wosayaka. Koma moto wa m'silinda ukatentha mopitirira, nayitirojeni uja amagwirana ndi okisijeni n'kubala mipweya yoipa imene akatswiri amaitcha NOx. Mipweya imeneyi imapweteka mapapo, imadzutsa mphumu, ndipo ikakumana ndi nthunzi ya petulo padzuwa lamphamvu imapanga chifunga chowawa m'maso. Mzinda wa Los Angeles ku America unazunzika nacho kwambiri chifunga chimenechi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wa sayansi Arie Haagen-Smit anaonetsa kuti utsi wa galimoto unali limodzi mwa magwero ake aakulu. Mu 1970 dziko la America linakhwimitsa lamulo lake loteteza mpweya, ndipo patangopita zaka zochepa galimoto zatsopano zinayamba kutuluka m'mafakitale zili ndi EGR. Lero zambiri mwa galimoto zimene timaitanitsa ku Japan, zodzera pa Dar es Salaam kapena Durban, zimabwera nayo, za petulo ndi za dizilo zomwe.

Nzeru yake ndi yosavuta. Utsi ndi mpweya wopsa kale, sungapsenso. Ukautapako pang'ono n'kuusakaniza ndi mpweya watsopano wolowa m'silinda, moto umayaka mofatsa, kutentha kumatsika, ndipo mipweya yoipa ija imachepa. Amayi ophika pambaula zimenezi amazidziwa. Makala akakolera kwambiri amawazapo phulusa pang'ono kuti ndiwo zisapserere, ndipo moto suzima. Koma phulusa lomwelo ukalithira pa kamoto kongoyatsa kumene, wapha moto.

Ndiye panjira ya utsiyi pali vavu imene imatsegula ndi kutseka. Pa galimoto ya petulo vavuyi iyenera kukhala yotseka injini ikadali yozizira. Iyenera kukhala yotseka galimoto ikamalira itaima. Iyeneranso kutseka mukaponda moto mpaka pansi pofuna mphamvu zonse. Imatseguka pamene injini yatentha ndipo mukuyenda liwiro lapakatikati, ngati mmene mumayendera pa M1 popanda chokutsekerezani. Apa mwaona chifukwa chake vavu yokanirira potseguka sidziwika paulendo wautali: kumeneko imayenera kukhala yotseguka kale. Imadzaululika poima, pamene moto wa m'injini ndi wochepa ndipo sungapirire utsi. Za dizilo n'zosiyanako, tizifikira patsogolopa.

Tsopano tiyeni kugalaja.

Chimene makaniko wa masiku ano amayamba kuchita ndi kuika galimoto pakompyuta. Pansi pa chiwongolero, cha m'maondomu, pali soketi ya mabowo 16. Kuyambira 1996 galimoto zogulitsidwa ku America zinalamulidwa kukhala nayo soketi imeneyi, ndipo mayiko ena anatsatira. Makina oyezera akalumikizidwa pamenepo amaonetsa nambala. Ya utsi wochuluka ndi P0402. Ndibwereze pang'onopang'ono kuti mulembe: P, ziro, folo, ziro, thuu. Ili ndi inzake yofanana nayo kwambiri, P0401, yothera ndi wani, koma imeneyo ikunena zotsutsana, kuti utsi ukudutsa wochepa, njira yatsekeka. Musazisokoneze ziwirizi. Ndinenenso kuti galimoto zina zakalepo, zimene zinapangidwira msika wa ku Japan komweko, zimakana kuyankhula ndi timakina totchipa tolumikiza ku foni. Kamakina kakakana, sikuti kompyuta ya galimoto ilibe chonena. Funani makina oyenera.

Ndili ndi pempho kwa nonse, eni galimoto ndi amakaniko omwe. Musafufute nambala musanailembe. Pambali pa nambalayo, kompyuta imasunga mmene zinthu zinalili panthawi imene vuto linachitika: kaya injini inali yotentha kapena yozizira, kaya galimoto inali itaima kapena ikuthamanga. Wochotsa waya wa batire kuti nyali izime akutaya umboni umenewu, ndipo nyaliyo idzayakanso posachedwa.

Pano ndi pamene ambiri amaterereka. Kompyuta ilibe maso, utsi siiuona. Imangoyerekeza kuchokera pa zimene masensa akuiuza. Galimoto zina zili ndi sensa yoyeza kutentha kwa njira ya utsi: pakatentha, kompyuta imati utsi ukudutsa. Zina zimayeza mphamvu ya mpweya m'manifodi. Zina zimayang'ana pamene vavu yaima, ngati yatseka kapena yatseguka. Ndiye nambala ija ya P0402 ikhoza kubwera chifukwa vavu yakanirira yokha. Ikhoza kubwera vavu ili bwinobwino koma china chake chikuitsegula panthawi yolakwika. Ikhozanso kubwera utsi usanachuluke n'komwe, kungoti sensa ikunamiza kompyuta. Mwa zitatuzi, chimodzi chokha n'chimene chingafune vavu yatsopano, ndipo ngakhale pamenepo kawirikawiri kutsuka kumakwanira. Musagule vavu musanayeze.

Tisanagwire kalikonse, mawu awiri a chitetezo. Mapaipi a utsi amawotcha zenizeni. Fani ya rediyeta ikhoza kuyamba kuzungulira yokha mosakuchenjezani, choncho pindani malaya. Ndipo musalize injini m'galaja yotseka zitseko, chifukwa mu utsi muli mpweya wakupha wosaoneka, wosanunkha.

Mavavu a EGR alipo a mitundu iwiri. Akale, ambiri a m'zaka za m'ma 1990, ndi kachitsulo kozungulira kophwatalala, kapaipi kamphira kopyapyala katalowa pamwamba pake. Amenewa amakokedwa ndi vakyumu, mphamvu yoyamwa ija imene injini imapanga ikamalira. Atsopano ali ndi mota yamagetsi ndi pulagi ya mawaya angapo. Tiyambe ndi akalewo, chifukwa kuwayeza kwake sikulira ndalama.

Lizani injini itenthe. Yaima, ikunjenjemera monga mwa masiku onse. Tsegulani boneti, pezani vavu, muzule kapaipi kamphira kaja. Tcherani khutu. Ngati injini yakhazikika nthawi yomweyo, kulira kwake kwasalala, vavu ilibe mlandu, yatseka yokha itangomasulidwa. Tsopano ikani chala kukamwa kwa kapaipi mwazulako. Mukamva kakuyamwa khungu la chala, kakukakamira, mwaligwira vuto. Galimoto ya petulo itaima, pakapaipi kameneka sipayenera kukhala vakyumu. Chilipo chikuitumiza.

Tsatirani kapaipiko kumene kakuchokera. Mupeza solenoidi, kaswitchi kamagetsi kamene kompyuta imagwiritsa ntchito potumiza kapena kudula vakyumu. Kameneka kakakanirira kamangotumiza osalekeza. Mwinanso solenoidi ili bwino koma timapaipi tinasinthanitsidwa tsiku lina pokonza china chake. Timapaipi timeneti timafanana, ndipo munthu akamamanga mofulumira madzulo n'kosavuta kulowetsa aka pamalo pa ako. Galimoto zina zili ndi chithunzi chomata kunsi kwa boneti chosonyeza kumene kapaipi kalikonse kayenera kupita. Chipukuteni fumbi muchiwerenge. Pa Toyota zakale palinso kachipangizo kapulasitiki kozungulira pafupi ndi vavu, kokhala ndi kasefa kakang'ono pansi pa chivindikiro chake. Kasefa kameneko kakatsekeka ndi fumbi, vavu imatseguka kwambiri kuposa mmene iyenera. Kamatsukika, kapena kusinthidwa pa mtengo wochepa.

Nanga mwazula kapaipi koma injini ikunjenjemerabe chimodzimodzi? Pamenepo pali ziwiri. Mwina vavu yakanirira yokha potseguka, mwina vuto lanu si la EGR n'komwe. Musaiwale kuti paipi yong'ambika yolowetsa mpweya wakuba, pulagi yakufa, koyilo yofooka kapena throttle yakuda zimanjenjemeretsanso injini mofananamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani sikuludiraiva, mugogode vavuyo pang'ono ndi chogwirira chake. Kulira kwa injini kukasintha, ndiye kuti m'katimo muli chomata. Amakaniko amene muli ndi kapampu kam'manja kopangira vakyumu, kalumikizeni ku vavu. Mukapopa, injini yabwino iyenera kutsamwa kapena kuzima, chifukwa mwaithira utsi itaima. Mukamasula iyenera kukhazikika msanga. Ikachedwa kukhazikika, vavu ikubwerera mokakamira. Njira ina ndi ya m'mawa, injini itagona usiku wonse. Ilizeni, ndipo mosamala yandikizani dzanja kumbali ya vavu imene ikupita ku manifodi. M'kanthawi koyambako mbali imeneyo iyenera kukhala yozizira. Ikayamba kutentha mofulumira, utsi ukudutsa pamene suyenera kudutsa.

Amene mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za galimoto yonjenjemera ndi kuzima poima chifukwa cha utsi wochuluka wobwerera m'injini, ndipo tikuti yezani musanagule. Tatha za mavavu akale, tsopano a magetsi.

Amenewa ndiwo ali m'galimoto zambiri zimene zadzaza m'misewu yathu. Eni Honda Fit zoyambirira zija, komanso Vitz ndi Passo za injini ya masilinda atatu, ambiri anamvapo makaniko akutchula EGR galimoto ikamagwedera. Apa chala sichithandiza, pamafunika makina oyezera otha kuonetsa zimene zikuchitika injini ikulira. Makaniko ayang'ane zinthu ziwiri pamodzi: kompyuta ikulamula kuti vavu itseguke motani, ndipo vavuyo ikuyankha kuti yatseguka motani. Galimoto itaima, kompyuta ikuti tseka, koma vavu ikuti ndili chotsegula, ndiye kuti mwina yakaniriradi, mwina sensa yake ikunama. Kusiyanitsa kwake n'kumvera injini. Ikunjenjemera, utsi ukudutsadi. Ikulira bwinobwino koma nambala ikubwerabwera, kayikirani sensa ndi mawaya ake. Zulani pulagi muyang'ane m'kati: mano ake ochita dzimbiri lobiriwira, waya wokhudza chitsulo chotentha, waya wotafunidwa ndi makoswe pa galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe. Makina abwino amathanso kulamula vavu kutseguka ndi kutseka inu mukumvera mmene injini ikuyankhira. Makaniko amene akuchita zimenezi musamufulumize. Akukupulumutsirani ndalama.

Chenjezo limodzi pa mavavu amagetsi. Kuzula pulagi sikutsimikizira kalikonse ngati injini sinasinthe, chifukwa ena mwa mavavuwa amangoima pomwe magetsi awasiyira, ndipo yokanirira imakhalabe yokanirira.

Pali kuyeza kumodzi kumene kumathetsa mkangano, kaya vavu ndi yakale kapena yatsopano. Masulani vavu, ikani kachitsulo kopyapyala kopanda bowo pakati pa vavuyo ndi pamene imakhala, mangani, lizani. Injini ikakhazikika, mwatsimikiza kuti utsi ndiwo unkaitsamwitsa. Ikapanda kusintha, EGR isiyeni, kafufuzeni kwina. Koma mvetsetsani, kachitsuloko ndi koyezera chabe. Mukatha kuyeza kachotseni. Ndibwereranso ku nkhani yake.

Tinene kuti mwatsimikiza, vavu ili m'manja. Itembenuzeni muione kunsi. Mupeza mwaye wakuda, pena wouma wofumbutuka, pena wolimba woti chikhadabo sichingauchotse. Pakati pali kamtengo kachitsulo kokhala ndi mutu wotseka bowo. Yang'anitsitsani pamene mutuwo umakumana ndi mlomo wa bowolo. Kawirikawiri mupezapo kachidutswa kakang'onong'ono ka mwaye wouma katapanikizika pamenepo, kosiya mpata woti mwina simungauone n'komwe. Mpata womwewo ndi wokwanira kuzimitsa galimoto pamaloboti. Kwezani vavu kudzuwa muone ngati kuwala kukudutsa. Kapena thirani mankhwala otsukira kabuleta mbali imodzi vavu ili chotseka. Akadontha mbali inayo, siikutseka.

Kutsuka kwake n'kwa mankhwala omwewo ndi mswachi wakale, modekha. Musapale mlomo wa bowo ndi sikuludiraiva, chifukwa mukaukanda sudzatsekanso bwino ngakhale mutatsuka motani. Mankhwala asalowe kumene kuli mota ndi sensa, gwirani vavu mbali yamagetsi ili m'mwamba. Mankhwalawa amayaka, fodya akhale kutali. Tsukaninso njira imene utsi umadutsa, koma samalani kuti zidutswa zisagwere m'manifodi, pakuti chidutswa chimene mwasiya lero n'chimene chidzapanikizike pa vavu mwezi wamawa. Ikani gasiketi yatsopano. Mukatsuka koma kamtengo kaja kakugwedera m'mbali, kapena sipuling'i yafooka, kapena mota siikuyankha, apo ndiye gulani vavu. Mwagula mutayeza, ndalama yanu yapita pamalo pake.

Tsopano za sensa yonama. Pa Ford Escape ndi Mazda Tribute zina za petulo pali sensa yotchedwa DPFE, yolumikizidwa ku paipi ya utsi ndi timapaipi tiwiri. Timapaipito timapsa n'kung'ambika, ndipo chinyezi cha mu utsi chimawononga sensayo m'kati. Pa galimoto zimenezi, nambala ya EGR ikabwera, yambani mwayang'ana pamenepo. Pa Nissan zina zakale, sensa ya kutentha ija ikawonongeka, kapena waya wake akakhudza chitsulo, kompyuta imaganiza kuti njira yatentha pamene ili yozizira. Ndipo musaiwale ekizozi yeniyeniyo. Ikatsekeka kumbuyo, makamaka pa catalytic converter, utsi umasowa kolowera, ndiye vavu ikangotseguka pang'ono umathamangira m'injini wambiri. Galimoto yotero imafookanso mukaithamangitsa.

Anzanga a dizilo, a Hilux, a Hiace za D-4D, a mapikapu ndi maminibasi, mwadikira mokwanira. Kwa inu zina mwa zimene ndanenazi zimatembenuka. Injini ya dizilo imakoka mpweya wambiri kuposa umene ikufuna, choncho imapirira utsi wambiri, ndipo vavu yake imatha kukhala yotseguka ngakhale galimoto itaima. Kumeneko si kuwonongeka ayi. Vuto la dizilo limaonekera pamene mukufuna mphamvu. Mwanyamula katundu, mwafika pa chitunda cha Chiweta kapena pa Thabwa pochokera ku Chikwawa, mwaponda moto, galimoto ikukana, kumbuyo utsi wakuda uli tolotolo. Vavu inayenera kutseka kuti injini ipeze mpweya wabwino wokhawokha, koma sinatseke. Mafuta akulowa, okisijeni wowotchera mafutawo palibe. Nthawi zina kompyuta imachita kudula mphamvu dala pofuna kuteteza injini.

Koma mverani izi, chifukwa ndi pamene eni dizilo amataya ndalama zambiri. Pa dizilo zambiri zamakono kompyuta imadziwa kuchuluka kwa utsi poyang'ana sensa yoyeza mpweya watsopano, ija imakhala pafupi ndi bokosi la eya fyuluta, yotchedwa MAF. Kuwerengera kwake n'kotere: utsi ukalowa wambiri, mpweya watsopano umalowa wochepa. Ndiye kompyuta ikaona mpweya watsopano wachepa kuposa mmene imayembekezera, imangoti utsi wachuluka. Tsono ganizirani fumbi la m'misewu yathu mwezi wa Okutobala. Eya fyuluta yatsekeka, mpweya wachepa. Kapena fumbi lamata pa kawaya ka sensa, ikuwerenga mochepa. Kapena paipi yaikulu yamphira yopita ku turbo yang'ambika kunsi kumene simukuona, mpweya ukulowera pamenepo osadutsa pa sensa. Zonsezi zikhoza kubweretsa nambala ya utsi wochuluka vavu ili yosalakwa. Munthu n'kugula vavu yodula, pamene chinkafunika ndi fyuluta yatsopano ndi kutsuka sensa ndi mankhwala ake oyenera. Musagule vavu musanayeze.

Vavu ya dizilo ikakhala yakudadi, kuda kwake kumaposa kwa petulo. Mwaye umasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo yochokera m'injini n'kusanduka phala lakuda lomata, lodzaza m'manifodi mpaka njira ya mpweya kuchepa. Kutsuka vavu yokha n'kusiya manifodi yotero ndi ntchito ya theka. Ndipo mukaona madzi a rediyeta akuchepa popanda podontha, utsi ukutuluka woyera, uzani makaniko ayang'anenso chozizitsira utsi chimene chimakhala pafupi ndi vavu pa dizilo zambiri, chifukwa chikabooka madzi amalowera momwemo.

Ntchito ikatha, fufutani nambala, yendetsani galimoto itenthe bwino, m'tauni ndi pamsewu wautali, kangapo. Nambala zina kompyuta siizilemba paulendo woyamba, imadikira ione vutolo kachiwiri. Choncho nyali kuzima pachipata cha galaja si umboni woti zatheka.

Tsopano za kachitsulo kaja. Ndikudziwa kuti m'magalaja ambiri yankho lachangu ndi lakuti, bwana, tingotseka, chinthu ichi n'cha kwa azungu, kuno sichigwira ntchito. Ndipo sindikunamizani, pa dizilo zina mukatseka galimoto imamveka yopepuka ndipo manifodi sidanso msanga. N'chifukwa chake mchitidwewu wafala. Koma ine sindigwirizana nawo. Pa petulo, injini inakonzedwa kuti iziyenda ndi utsi pang'ono umenewo. Mukauchotsa, moto umatentha kwambiri, injini ikhoza kuyamba kugogoda pokwera mtunda, ndipo mafuta sachepa ayi, mwina amachita kukwera. Kompyuta nayo imazindikira kuti utsi sukudutsa, ndiye nyali imayakanso, ulendo uno ndi nambala ina ija yothera ndi wani. Mwini galimoto amazolowera kuyenda nyali ili chiyakire, ndipo tsiku limene vuto lalikulu lidzabwere sadzadziwa.

Chinanso, chimene chimandikhudza kwambiri, ndi anthu. Mipweya yoipa ija siipita kutali. Imatuluka pa msinkhu wa mwana amene akudikira kuwoloka msewu popita kusukulu. Amaipuma ndi mayi wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wakabaza amene ali kumbuyo kwanu pamzere, kondakitala amene waima pakhomo la minibasi ikulira padepoti. Mu 2015 kampani ya Volkswagen inagwidwa ku America itaika chinyengo m'makompyuta a galimoto zake za dizilo kuti mipweya yomweyi izioneka yochepa poyezedwa, ndipo inalipira chindapusa chachikulu zedi. Kumeneko anaiona kuti ndi nkhani ya moyo wa anthu. Mapapo a ana athu sasiyana ndi a ana awo.

Kupewa kwake ndinene mwachidule. Mwaye umachuluka pa galimoto yoyenda timaulendo tafupitafupi tosatenthetsa injini, ndi yolira nthawi yaitali itaima. Mukakhala pamzere wa mafuta kapena mukudikira munthu, zimitsani. Kamodzikamodzi ipatseni ulendo wautali itenthe bwino. Sinthani oyilo ndi eya fyuluta panthawi yake, ndipo nyengo ya fumbi fyuluta muziiyang'ana pafupipafupi. Mafuta a m'zigubu, amene simukudziwa chimene anathiramo, apeweni mmene mungathere. Pa dizilo yofuka kwambiri yezetsani mainjekita, chifukwa injekita yotha imapanga mwaye umene udzatsekenso vavu imene mwatsuka.

Nthawi yatithera, okondedwa omvera, koma ndikusiyireni mafunso oti muganizire. Inu eni galimoto, ulendo wapitawu pamene munasintha sipeya, munafunsa makaniko kuti wayeza chiyani kuti adziwe kuti yawonongeka ndi imeneyo? Anakuonetsani yakaleyo n'kukulozerani pamene yalakwika? Ndipo inu amakaniko anzanga, kasitomala akabwera wothamanga, akufuna galimoto yake lero lomwe, mumalimba mtima kumuuza kuti bambo, mayi, ndipatseni kanthawi ndiyeze kaye? Kambiranani zimenezi kugalaja, padepoti, ndi kunyumba komwe.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzatenga nambala inzake ija, ya utsi wochepa, tione chimene chimachitika njira ikatsekeka ndi mmene imatsegulidwira. Yendani bwino pamsewu, tsalani bwino nonse.